Kreme wa Kukantina ndi Ukwati Wanga

Amuna anga anabwera kudzadya Natale, kunena Khirisimasi, akuyenda motang'adza, ngati munthu wodumpha mizere ya mbatata. Ndinawaonera patali akutsika kamiyawo, lole yonyamula anthu, pamsewu waukulu wa ku Zóbuè, kathumba ka mchere kali paphewa, ndipo ndinaganiza kuti nsapato zatsopano zikuwaluma. Powalandira katundu ndinamva fungo la maluwa. Munthu wochokera mumgodi wa malasha amamveka thukuta ndi utsi, osati maluwa, koma ndinaugwira mtima chifukwa panali anthu.

Izi zinachitika m'zaka za m'ma 1950, sitima itangoyamba kumene kufika ku Moatize. Ukwati wathu unali udakali wanthete, mwana tisanamuone. Iwo anali mkamwini pamudzi pa amayi anga. Nyumba anamanga okha, munda anapatsidwa ndi atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, amenenso anali nkhoswe yanga. Koma msonkho unawathamangitsira kumgodi monga anyamata ambiri a kwathu, ndipo ine ndinkatsala ndi khasu, kudikira tchuthi.

Ukwati usanachitike, mayi aakulu, mkulu wawo wa amayi anga, amene ankalangiza atsikana onse a mbumba yathu, anandipatsa lumo ndi nsupa ya mafuta a nsatsi. Anandiuza kuti kumeta mwamuna kumalo obisika ndi kumudzoza ndi ntchito ya mkazi wake, iye yekha. Mwamuna wokwatira sadzimeta. Ukadzamupeza wometedwa iwe usanamugwire, usadzavutike n'kufunsa, ungodziwa kuti pali dzanja lina. Padiri wa kumishoni sankadziwa kuti timaphunzira zimenezi, ndipo ife sitinkaona chifukwa chomuvutitsira nazo munthu wosakwatira.

Tsono amuna anga atafika anayamba kundizemba. Madzi ndikawaikira kubafa, iwo ankati akasamba kumtsinje. Pamphasa ankagona kumapeto, kabudula ali m'thupi, nkhope kukhoma. Munthu woti watha miyezi osaona mkazi wake sachita choncho, ndipo ine si mwana. Tsiku lina masana kunagwa mvula yamphamvu, aliyense anathawira m'nyumba mwake. Ndinatseka chitseko, n'kuika beseni la madzi ofunda pansi, lumo pambali.

"Bambo, vulani."

"Tandileka, ndatopa."

"Mwakhala mukutopa chifikireni. Vulani, kapena ndikaitane mayi aakulu adzakuvuleni okha."

Anavula akuyang'ana kudenga. Zimene ndinaona sindinaziiwale. Khungu la m'mphechepeche ndi la pamaliseche linali losupuka, lofiira ngati nyama, lili ndi ming'alu yochucha madzi. Fungo la maluwa lija linkachokera pamenepo. Ndipo anali ometedwa.

"Wakumetani ndani?"

"Ndinadzimeta ndekha."

"Mwamuna wa mwini amadzimeta?"

Anandifotokozera mawu ali pansi. Anati pansi pa mgodi pamatentha, thukuta limasakanikirana ndi fumbi la malasha, kabudula wa kaki amakhala wonyowa tsiku lonse ndipo amakhula ngati tsamba la mkuyu wopalira mipini. Kunayamba kuyabwa, iwo n'kumakanda. Anzawo anawalangiza kuti amete ndi jileti, kenako adzole kreme wofewetsa khungu wa kukantina, sitolo ya kumgodiko. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kabotolo koyera kakamwa kwakukulu. Tsiku loyamba ankazizira bwino, anatero, koma pambuyo pake unali moto. Iwo poganiza kuti mankhwala achepa, ankangowonjezera.

Chisoni ndinawamvera, sindikana, koma mkwiyo unaposa. Ndinalira ndi ukali, kulira kosatulutsa mawu kuopa amayi m'nyumba yoyandikana nayo. M'mutu mwanga ndinkangoona mkazi wa ku Moatize, wonenepa, wonunkhira maluwa, atagwira amuna anga pamene ndimagwira ine. Ndinawasambitsa ndithu, poti madzi anali atafunda kale.

Mayi aakulu anali ndi maso a kabawi. M'mawa mwake anandipeza pamtondo n'kundifunsa ngati lumo lagwira ntchito, ndipo ndinawauza zonse, poti ndiwo anandipatsa lumolo. Dzuwa lisanapendeke atsibweni anali atamva. Onse awiri anagamula osaona n'komwe: chimenecho ndi chindoko cha akazi a kumgodi, mkamwiniyo anyamule gombeza lake asanandiwononge chiberekero. Popeza amuna anga ankayenera kubwerera kuntchito, anagwirizana kuti ankhoswe a mbali zonse adzakumane pa Pasaka, ukwati udzathere pomwepo.

Ine sindinagone nazo bwino. Ukwati unali wanga, koma ankaumasula anthu ena ngati mtolo wa nkhuni. Ndinapita kwa atsibweni, ndinagwada patali monga mwa ulemu, n'kuwauza kuti nditsika nawo ku Moatize.

"Mwana wamkazi wa pamudzi pano salondola mwamuna kumgodi," anatero. "Nanga chimanga apalira ndani?"

"Sindikulondola mwamuna, atsibweni. Ndikukasaka mkaziyo. Ndikamupeza, gombeza la bambowa ndidzaliponya ndekha kumsewu. Ndikapanda kumupeza, palibe adzawachotse m'nyumba mwanga."

"Iwe uli ndi makani ngati amako."

Amayi anali pakhonde akusola nyemba. Sanadzutse mutu, koma m'mawa wa ulendo ndinapeza atandimangira ufa m'kansalu.

Kwathu ku Zóbuè ndi kumapiri, mphepo imawomba ngakhale m'dzinja. Kamiyawo itayamba kutsika, n'kuwoloka mtsinje wa Nkondezi, mpweya unasintha. Mitengo ya kwathu inatha, kunayamba milambe, ndipo thukuta linayenderera kumsana ndili chikhalire. Amuna anga anaima njira yonse atagwira chitsulo, chifukwa kukhala pamatumba sakanatha. Tikamadutsa pabampu ndinkawaona akuluma mano, ndipo ndinkayang'ana kumbali kuti chisoni chisandifooketse.

Ku Moatize anthu osabwera ndi mabanja ankagona m'zithando za amuna okhaokha, kosaloledwa mkazi. Anandipezera malo kwa mayi wina wa Chinyungwe, mkazi wa mnzawo wa kuntchito, amene ankakazinga nsomba n'kumagulitsa pafupi ndi chipata cha mgodi. Anandilandira bwino, koma ine poyamba ndinamununkhiza ngakhale iyeyo. Ankamveka nsomba basi. Ndinayamba kumuthandiza malonda kuti ndipeze pokhala, ndipo mkazi aliyense wodutsa, wogulitsa nkhuni kaya wochapa zovala, ndinkamuyandikira mphuno ili tcheru. Mayi uja anandiyang'ana masiku angapo, kenako anandigwira mkono.

"Imwe mai, lekani kununkhiza akazi. Akamatuluka amuna, muyang'ane miyendo."

Lipenga la mgodi litalira, anayamba kutuluka, akuda bii ndi fumbi, maso okha akuoneka. Ndinayang'ana miyendo. Uyu wotang'adza, uyo wotang'adza, wina ankaima pang'ono n'kukoka kabudula ngati akuchotsa chitedze. Atayandikira kudzagula nsomba, fungo la maluwa linatizinga, lomwe lija. Panali anyamata, panali madoda a imvi, panali ngakhale katekisiti wina amene ndinamuona akutsogolera korona Lamulungu.

"Wentse amenewa ali ndi mkazi m'bodzi?" anandifunsa mayi uja akutembenuza nsomba. "Akhala mkazi wamphamvu."

Ndinaseka koyamba chichokere kwathu. Koma kuseka si umboni, ndiye m'mawa mwake ndinapita kukantina ndi kabotolo kaja. Pashelefu panali timabotolo tofanana nako tondandalika, ndipo pachivindikiro cha katsopano panali chithunzi cha mkazi wachizungu atagwira tsaya lake. Pa ka amuna anga chithunzicho chinali chitafufutika ndi zala za malasha. Ndinafunsa wogulitsa kuti mafutawa ndi a chiyani.

"Ndi a kumaso ndi m'manja, amadzola masinyora, akazi a azungu. Koma amene akuwamaliza ndi a mumgodi."

"Mumawauza kuti ndi a kumaso?"

"Mayi, iwo sandiuza kumene akukadzola."

Chotsala chinali chipatala, ndipo apa ndi pomwe tinalimbana. Amuna anga ankaopa zinthu ziwiri, kuvula pamaso pa mwamuna mnzawo ndi kuchotsedwa ntchito akapezeka ndi matenda oipa. Anati pachira pokha. Ndinawadikira pachipata m'mawa akulowa, anzawo ali mbali zonse, n'kuwauza motsitsa kuti akapanda kutembenuka ndiyamba kufotokoza mokweza chimene chili m'kabudula mwawo. Ankandidziwa. Anakapempha chilolezo kwa kapitawo, tinapita.

Enfermeru, namwino wa pachipatalapo, anali bambo wachikulire wa ku Tete, wa magalasi, wosapupuluma. Anawalowetsa kuseri kwa nsalu, anawapima, anawatenga magazi, n'kutiuza tsiku lobweranso. Titabwerera, ine ndinakana kutsala panja. Ndinati khutu langa limve lokha, chifukwa mwamuna akatuluka kwa sing'anga amanena theka.

"Si chindoko," anatero enfermeru. "Si matenda a akazi ayi. Khungu linayamba kunyuka ndi thukuta ndi fumbi, jileti inatsegula mabala, ndiye mafuta awa anamaliza ntchito." Ananyamula kabotolo kaja, anakanunkhiza, n'kupukusa mutu. "Khungu la kumeneko ndi lopyapyala ngati la chikope cha diso. Chimene simungapake pachikope musapake kumeneko. Chonunkhiritsachi ndicho chimawotcha, makamaka pakakhala posupuka."

Anatilangiza kuti azisamba ndi madzi okha akangotuluka mumgodi, osagwiritsa sopo wochapira zovala pamalopo, aziumitsa bwino mosakhula, ndipo asavalenso kabudula wa dzulo wosachapa. Anatipatsa mafuta oyera olimba, opanda fungo lililonse, oti azipaka pang'ono chabe. Kumeta anati kuyambe kwaima. Ine ndinafunsa za mafuta anga a nsatsi, ndili ndi chikhulupiriro kuti awayamikira.

"Asungeni mpaka pachire. Pabala losatseka musaikepo chimene sindinakupatseni. Pakachira, mafuta alionse achilendo muyambe mwayesa mkati mwa mkono, mudikire kuche. Pakapanda kufiira, ndiye pakani pang'ono. Akamva kuwotcha, tsukani, musawonjezere."

Tikutuluka ndinabwerera ndekha pakhomo.

"Bambo, mungathe kudziwa amene anawameta?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mayi, ine ndimapima matenda. Dzanja sindipima."

Choncho mkazi uja sindinamupeze, komanso panalibe wondilumbirira kuti kulibe. Ndinaganiza kuti zimenezo ndiziona pambuyo, choyamba munthu achire. Ndinasoka akabudula awiri amkati ndi nsalu ya matumba a ufa, nditaichapa mpaka kufewa. Tsiku ndi tsiku ndinkatunga madzi kumtsinje, dzuwa la ku Moatize likundimenya paliwombo, kuti akamaweruka apeze beseni kuseri kwa nyumba ya mayi wa nsomba asanapite kuzithando. Zovala ndinkatsukuluza mpaka thovu lonse lithe. Masiku ena ankanyinyirika kuti atopa, asamba mawa, ine n'kuwauza kuti mawa lawo ndilo linatifikitsa kuno. Ndinkadziwa kuti kwathu udzu wakwirira chimanga changa, ndipo ndikaganiza zimenezo mtima unkandiwawa.

Pang'ono ndi pang'ono ming'alu inatseka, kufiira kunazilala, khungu latsopano linamera. Anzawo ataona kuti akuyenda mowongoka anayamba kuwafunsa monong'ona, ndipo madzulo ena kuseri kuja kunkabwera azibambo awiri atatu kudzapempha madzi, aliyense akunamizira kutentha. Mayi wa nsomba ankati titsegule chipatala.

Pa Pasaka tinakwera kwathu. Mlandu unakhala pakhonde pa atsibweni, Misa itatha. Kumbali ya amuna anga kunabwera achimwene awo aakulu, ndiwo anali nkhoswe yawo. Mayi aakulu ndi amayi anakhala pamphasa, ine kumbuyo kwawo. Pamilandu yotere amayankhula ndi ankhoswe. Mkazi amaweramitsa mutu, ndipo mkamwini amangokanda pansi ndi kamtengo.

Alamu anga anafotokoza kuti munthuyu anapita kuchipatala ndipo wachira. Atsibweni anati kuchira sikufafaniza kumene matenda anachokera, jakisoni wa azungu amabisa zambiri. Mkamwini ndi mlamba, anatero, sachedwa kuterereka, ndipo iwo sadikira kuti mwana wa mlongo wawo adzaume chiberekero. Alamu anga anali munthu wofatsa, wosadziwa kukangana. Ndinaona akuyamba kugwedeza mutu movomera, ndipo amuna anga ankangokanda pansi ndi kamtengo. Ukwati wanga unkatha ndikuyang'ana.

Ndinasendera kutsogolo ndi mawondo.

"Atsibweni, ndiloleni."

"Wayankhulidwa kale ndi akulu ako."

"Akulu anga sanaone. Ndinaona ndine."

Ndipo ndinanena zonse. Ndinatchula malowo ndi maina ake, pamaso pa atsibweni anga ndi alamu anga, mawu amene mkazi wa kwathu satchula ngakhale kwa mwamuna wake kukuwala. Ndinafotokoza za fumbi, za kabudula wonyowa, za madoda otang'adza pachipata, za mawu a enfermeru. Manyazi ankandiwotcha nkhope, koma ndinadziwa kuti ndikaima pakati sindiyambanso. Amayi anafunda nsalu kumaso. Pomaliza ndinamasula kabotolo kaja pansonga ya chitenje n'kukaika patsogolo pa atsibweni.

"Ngati mukuti ndi akazi, tengani. Mawa popita kumunda mudzole komweko, mulime mpaka dzuwa lifike pamutu, mudzolenso. Lamulungu likudzali mudzatiuze dzina la mkazi amene wakupatsani matenda."

Alamu anga anayamba kutsokomola chifuwa chimene analibe. Atsibweni anayang'ana kabotoloko nthawi yaitali, koma sanakakhudze. Amene anatsegula pakamwa ndi mayi aakulu.

"Za mafuta tamva. Nanga lumo? Anamumeta ndani?"

Funso limenelo ndinali nalo inenso. Ndinawayang'ana m'maso mayi amene anandilangiza.

"Lumo munapatsa ine, mayi. Mwini wake ndine, ndipo sindikudandaula. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine sindinatsekule."

Mlandu wopanda wodandaula suyenda. Alamu anga anaombera m'manja mwaulemu, nati iwo aona kuti nkhani yatha, ndipo panalibe anawatsutsa. Atsibweni anadzuka n'kulowa m'nyumba osatsazika alendo.

Ndinkayesa kuti ndapambana, koma pamudzi sapambana chomwecho. Sabata isanathe atsibweni anatuma mawu kwa amayi kuti mwana wovula atsibweni ake pamaso pa alendo salima munda wawo. Munda uja, ndi chimanga chake chofooka ndi udzu, anaupereka kwa mng'ono wanga. Nkhani nayo inali itafika kale pamowa. Amuna anga akamadutsa, anyamata ankatang'adza miyendo kumbuyo kwawo, ndipo akazi kuchitsime ankasiya kuyankhula ndikafika. Ine ndikanapirira, pakamwa ndinali napo. Koma mkamwini wopanda munda, wosekedwa ndi ana, sakhala pamudzi, ndipo ndinadziwa kuti akatsika okha ulendo uno sadzakweranso.

Ndinamanga miphika yanga ndi mphasa. Kwathu mkazi sachoka pamudzi pa amake popanda akulu kukambirana, koma panalibe woti ndikambirane naye. Amayi anandisenzera mtolo umodzi mpaka kumsewu. Kamiyawo itaima anangonditula, n'kundikonza mpango kumutu ngati mwana, n'kubwerera osacheuka. Zinandipweteka kuposa mawu onse a atsibweni. Ku Moatize ndinakakhala moyo wanga wonse, ana anga onse anabadwira kumeneko, ndipo ku Zóbuè ndinkangopita ngati mlendo, pamaliro.

Titadutsa mapiri, midzi ya kwathu itabisika, amuna anga anasendera pafupi kuti ena asamve.

"Iwe, zija ndinanena kuti ndinadzimeta ndekha, unandikhulupirira?"

Ndinalingalira zowanamiza kuti mtima wawo ukhale pansi, koma ndinali nditataya zambiri kuti ndiyambe bodza tsiku lomwelo.

"Za kreme ndinaona ndi maso anga," ndinatero. "Za lumo sindikudziwa, bambo. Ndinangosankha inu."

Anatenga mtolo wa miphika umene unali pamiyendo panga n'kuuika pa yawo, ndipo anaugwira ndi manja onse awiri kuti isasweke pamabampu.